Mutu 5: Kondi ndi Zimbale za Buluu

1. Kashopu ka kumapeto kwa msika

Aliyense wofuna filimu ku Mfuwe ankadziwa kashopu ka a Edwell. Kanali ka matabwa ndi malata, kumapeto kwa mzere wa ogulitsa nsomba zouma. Kutsogolo kunali mashelefu odzaza ndi zimbale za DVD: za karate, za nkhondo, za ku Nigeria, za makwaya. Kumbuyo kunali kachipinda ka mabenchi, momwe anthu ankalipira pang'ono n'kuonera filimu masana.

Kondi anali mwana wa mlongo wawo wa a Edwell. Kwawo kunali ku Malama, koma atakhoza mayeso a giredi naini, amalume akewo anamutenga kuti adzapitirize sukulu ku Mfuwe. Fizi, yunifolomu, nsapato, zonse zinkachokera m'kashopu komweko. Akaweruka kusukulu ankagulitsa nawo, ndipo anali wakuthwa pakamwa. Munthu wobwera kudzangofunsa mtengo ankachoka atagula.

Tchuthi cha Ogasiti chinafika pamodzi ndi mphepo yake ya fumbi. Alimi anali atagulitsa thonje, ndipo mumsika munali piringupiringu. Iyi ndiyo nyengo imene kashopuko kankapeza chakudya cha chaka chonse.

Tsiku lina a Edwell atachokapo, panafika Ronnie. Anali wamkulupo kuposa Kondi, ndipo ankagwira ntchito pa loji ina ya alendo oona nyama ku Chinzombo. Achinyamata ankamusirira chifukwa cha wotchi yake ndi Chingerezi chake cha m'mphuno.

"Mwana, ukugulitsabe zinyalalazi?" anatero Ronnie, akugogoda shelefu ndi chala.

"Zinyalala bwanji, akulu? Izitu zangofika kumene kuchokera ku Chipata."

Ronnie anaseka. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa chimbale cha m'chikuto chopyapyala cha buluu.

"Chimbale cha masiku ano ndi ichi. Azungu amati Blu-ray. Kwawoko DVD anaiiwala kalekale. Ubwere ku Chinzombo Lamulungu, udzaone ndi maso ako."

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, Kondi anakwera njinga ya amalume ake. Ronnie anamulowetsa m'nyumba ya msuweni wake, momwe munali TV yaikulu, yopyapyala ngati chitseko cha kabati. Filimu itayamba, Kondi anangoti kukamwa yasa. Ankaona tsitsi limodzilimodzi pamutu pa munthu, ngakhale thukuta lotsikira m'khosi.

"Ndili ndi bokosi lodzaza, ndi deki yake yoonetsera," anatero Ronnie. "Alendo amandisiyira akamabwerera kwawo. Koma ine ndilibe shopu. Tisinthane. Undipatse ma DVD onse aja ndikawataye motchipa kumidzi, iwe utenge izi. Woyamba kugulitsa za buluu mu Mfuwe muno ndiye adzakhale bwana. Obwera pambuyo adzatola nyenyeswa."

2. Chenjezo la amalume

M'mawa mwake akutsegula kashopu, Kondi anafotokoza nkhani yonse. A Edwell ankamvetsera uku akupukuta zimbale ndi kansalu. Anali munthu wofatsa, ndipo masiku amenewo ankayenda motsimphina chifukwa cha chotupa chimene chinawatuluka pamwendo.

"Khala pansi, mwananga," anatero. "Ntchito iyi ine ndinaiyamba iwe ukukwawa. Nditangotsika kuchokera kumtunda kudzakhala kuchigwa kuno ndinkagulitsa zimbale za VCD. Filimu imodzi inkakhala pa zimbale ziwiri. Nkhondo ikafika pokoma, chimbale chatha, anthu akukuwa, ine ndikufunafuna chachiwiri. Chikangokalika pang'ono, nkhope za anthu zinkasweka ngati mbale yadothi.

"Kenako kunabwera DVD. Palibe amene anakakamiza munthu kuti agule. Anthu anathamangira okha. Ukudziwa chifukwa chake? Chimbale chimodzi chinkanyamula mafilimu angapo. Deki yatsopano inkaseweranso zimbale zakale, ndiye munthu sanataye kanthu. Mtengo wa deki unatsika, mpaka mlimi wa thonje ankaimanga pa njinga n'kukailumikiza ku batire kumudzi. Posakhalitsa VCD inali itatheratu. Zotsala, alimi a mpunga anaziboola n'kuzipachika m'minda kuti ziziopseza mbalame."

"Eya, n'zomwezotu, amalume!" anatero Kondi. "Mumanena nokha kuti a Jairos anakakamira VCD mpaka shopu yawo inagwa. Mukufuna ifenso tigwe?"

"A Jairos anakana chinthu chimene anthu anali atachifuna kale. Iwe ukufuna kugulitsa chinthu chimene palibe wachifunsa. Zimbale za buluuzo ine ndinaziona ku Chipata chaka chatha. Chaka chino ndinapitanso, ndinazipeza pa shelefu yomweyo, fumbi lili mbuu. Mwini sitolo anandiuza yekha kuti akagulitsa chimodzi cha buluu, amakhala atagulitsa ma DVD odzaza dengu.

"Taganiza bwino. Chimbale chimodzi, filimu imodzi. Deki zimene anthu athu ali nazo sizingazisewere. Kukongola kwake kumaoneka pa TV zopyapyala zokha, ndiye undiuze, kwanu ku Malama ali nayo ndani? Mulibe kwaya, mulibe za ku Nigeria. DVD inabwera kudzachotsa mavuto amene tinali nawo. Nanga ichi chikuchotsa vuto lanji? Chinthu sichilanda msika chifukwa choti n'chatsopano. Chimalanda msika anthu akachifuna, ndiponso akakwanitsa kuchigula."

Apa n'kuti anyamata angapo atafika kudzasankha mafilimu. Kondi anaona kuti akumvetsera, ndipo anakweza mawu.

"Vuto lanu ndi mantha, amalume. Mwakalamba. Inuyo ndinu VCD. Posachedwa nanunso tikubooleni, tikakupachikeni m'munda wa mpunga!"

Anyamata aja anafa nacho chiseko. Mmodzi anayamba kuyenda motsimphina, kutsanzira mkuluyo, anzake akuwomba m'manja.

A Edwell anapinda kansalu kaja pang'onopang'ono. Kenako anatembenukira kwa anyamatawo n'kuwafunsa filimu imene ankafuna.

3. Makiyi

Sabata yomweyo chotupa chija chinakula, mwendo wonse n'kutupa. Kuchipatala anawauza kuti apite ku Chipata akawachite opareshoni. Kondi anawaperekeza kokwerera minibasi atawanyamulira chikwama.

A Edwell atakhala pampando, anatulutsa dzanja pawindo.

"Makiyi awa. Uzitsegula m'mawa, uzigulitsa zimene zilipo. Mawu unandinena aja ndawaiwala, ndiwe mwana. Koma za Ronnie zija usaziganizenso. Kashopu kaja ndiko sukulu yako, ndiko chakudya chathu, ndikonso mankhwala a mwendowu. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

Fumbi la minibasi lisanakhazikike n'komwe, Kondi anali atamuimbira kale foni Ronnie.

Ronnie anafika masana akukankha wilibala. Anatsitsa bokosi limodzi ndi deki yakuda yonyezimira. Kenako awiriwo anayamba kukhuthula mashelefu.

Moyandikana ndi kashopuko munali benchi la mayi Susan, ogulitsa nsomba zouma, amene anakhala mumsikamo kuyambira kale. Ataona zimene zinkachitika, anaimirira n'kumanga bwino chitenje.

"Kondi, mwana iwe, taima kaye. Katundu ameneyu ndi wako? Amalume ako anayamba ndi tebulo limodzi pansi pa mtengo uwo. Ndinkawaona ine akunyowa ndi mvula, malaya awo atafunditsa zimbale. Ankadya chinangwa chootcha masana kuti apeze yogulira malata awa. Lero akupita kukang'ambidwa mwendo, iwe kuno ukukhuthula mashelefu?

"Ngati za buluuzo n'zabwino, tenga zochepa uyese, zakalezi uzisiye. Anthu akazikonda, amalume ako adzaona okha. Ndiponso dzifunse: ngati ma DVD ndi zinyalala, mnzakoyu akuwafuniranji onse? Unaonapo munthu akubwereka wilibala kuti akatute zinyalala za mnzake?"

Kondi anaima, zimbale zili m'manja. Anayang'ana Ronnie.

"Ngati ukuopa amayiwa, nena," anatero Ronnie. "Pali mnyamata wina pafupi ndi bwalo la ndege akuzifuna lero lomwe. Iyeyo saopa."

Kondi anaponya zimbalezo mu wilibala.

"Amayi, thamangitsani ntchentche pa nsomba zanuzo. Za mafilimu tisiyireni ife."

Mayi Susan anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anabwerera pa benchi lawo.

Ronnie anatuta mpaka mashelefu anatsala mbee. Anatenganso deki yakale, akuti siidzagwiranso ntchito pamenepo. Pochoka anagwira Kondi dzanja mwamphamvu kuti onse aone.

Zimbale za buluu zinangodzaza shelefu imodzi. Kondi anazitalikitsatalikitsa kuti zioneke zambiri. Kenako anatenga katoni ndi penti, n'kulemba zilembo zikuluzikulu: ZAFIKA ZIMBALE ZA BULUU! DVD YATHA! Anakhoma chikwangwanicho pamwamba pa khomo.

4. Chionetsero choyamba

Tsiku lotsatira Kondi anazungulira msika wonse akulengeza kuti filimu ya masana ikhala yaulere.

"Bwerani mudzaone tsitsi limodzilimodzi! Mudzaone thukuta la munthu!"

Kachipinda kanadzaza mpaka ena anaima pakhomo. Kondi analumikiza deki yatsopano ku TV ya amalume ake, yakale ija yamsana waukulu. Anaika chimbale n'kuima pambali, manja ali m'chiuno.

Chithunzi chinatuluka. Chinali chimodzimodzi ndi cha masiku onse.

"Chasintha n'chiyani?" anafunsa bambo wina kumbuyo.

"Tsitsi lija lili kuti, bwana?"

"Dikirani, ikuyamba kumene," anatero Kondi.

Anthu anadikira. Pa TV panali azungu awiri atakhala patebulo akukambirana. Anakambirana, anamwa tiyi, anakambirananso.

"Amenyana liti amenewa?"

Kondi anasintha chimbale. China chinali cha mayi akuyenda yekha m'munda wa maluwa, akulira popanda womumenya. Chachitatu chinali cha mbalame za kunyanja.

"Tiikire karate, iwe!"

"Kulibe."

"Ya ku Nigeria ija ya mfumu yosabala?"

"Kulibe."

Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Ena anagwetsa benchi dala potuluka. Posakhalitsa m'chipindamo munatsala Kondi yekha ndi mbalame zake.

Kutsogolo nakonso sizinayende. Munthu ankatenga chimbale, kuchitembenuza, n'kufunsa: "Muli mafilimu angati umu?"

"Imodzi, koma yooneka bwino kwambiri."

"Isewera pa deki yanga?"

"Ayi, mpaka mugule deki yake."

"Ndiye ndigule deki ina, ndigulenso TV ina, kuti ndione azungu akumwa tiyi?"

Ankabweza chimbalecho pa shelefu n'kumapita akupukusa mutu. Masiku anapita. Alimi a thonje ankadutsa pakhomopo matumba ali otupa, koma palibe amene ankaima. Kunyumba ufa unatha. Kondi anayamba kugona ndi madzi.

5. Mlendo wa ku Malama

Tsiku lina chakumasana panafika mayi atasenza mtolo, mapazi ali mbuu ndi fumbi.

"Kodi si Kondi uyu, mwana wa a Tina? Ha, wakulatu! Waswera bwanji, mwananga?"

Anali mayi Queen, oyandikana nyumba ndi amayi ake ku Malama. Anabwera pa lole ndi thumba la mpunga wogulitsa, ndipo ankabwerera madzulo omwewo.

"Ndaswera bwino, amayi, kaya inu. Kumudzi ali bwanji?"

"Amako ali bwino, akupereka moni. Koma mnzako Mathew, mwana wanga uja, sakuyendabe chigwereni mumtengo muja. Amangogona pa mphasa tsiku lonse. Anzake anasiya kubwera. Chimene chimamuseketsa ndi makatuni basi, koma chimbale chimene tili nacho chinakalika. Ndamulonjeza kuti ndimubweretsera china. Amalume ako ali kuti?"

"Ali kuchipatala ku Chipata. Ndikugulitsa ndine."

M'bokosi la Ronnie munali chimbale chimodzi cha makatuni. Kondi anachitsitsa pa shelefu. Pachikuto panali tinyama tovala zipewa. Mayi Queen anamwetulira.

"Iiih, akasangalala! Koma chikutochi n'chachilendo. Chikasewera pa deki yathu ija? Ndi yakaletu, tinagula kwa amalume ako omwewa."

Kondi ankadziwa yankho lake. Anaona mayi Susan atasiya kuyala nsomba, akumuyang'ana. Anakumbukira kuti kunyumba kulibe ufa.

"Chikasewera, amayi. Izi zimasewera paliponse."

Atatchula mtengo, mayi Queen anadzidzimuka. Anamasula mfundo ya chitenje, n'kuyang'ana zimene zinalimo kwa kanthawi.

"Basi, shuga ndi sopo ndidzagula ulendo wina. Mwana ndinamulonjeza."

Anakulunga chimbalecho m'kansalu n'kuchiika pakati pa mtolo kuti chisasweke.

"Mulungu akudalitse, mwananga. Ndikawauza amako kuti kuno ali ndi mwana wanzeru."

Atapita, mayi Susan anafika pakhomo la kashopu. Sanakweze mawu.

"Ulendo wonse uja pa lole. Akafike usiku, mwana akudikira pa mphasa. Akalumikize batire, aike chimbale, chikakane. Akayesenso, chikakanenso. Mwana uja unkasewera naye mpira, Kondi. Lole sinanyamuke. Thamanga ukawabwezere."

Kondi anayang'ana kumbali. Anadikira kuti mayi Susan abwerere pa benchi lawo, kenako anapita kukagula tchipisi ndi botolo la chakumwa. Anadyera m'kachipinda kakumbuyo, atatseka chitseko.

6. Tebulo la Ronnie

M'mawa mwake Kondi anamva nyimbo za kwaya zikulira mbali ina ya msika. Anaizindikira nyimboyo. Amalume ake ankakonda kuiika akamatsegula kashopu.

Anatsatira phokosolo. Pansi pa mtengo panali tebulo lalitali, ndipo anthu anali ataunjikana ngati pogawa chimanga. Patebulopo panali ma DVD a a Edwell. Deki yakale ija inali pambali, ikusewera pa TV yobwereka. Ogulawo anali makasitomala a amalume ake, onse ankawadziwa mayina.

Kumbuyo kwa tebulo kunali Ronnie, akulandira ndalama ndi manja awiri.

Kondi anadzipanikiza mpaka kutsogolo.

"Akulu, munati mukawataya kumidzi!"

"Ndasintha maganizo. Ntchito ya ku loji ndinasiya, tsopano ndine wamalonda."

"Zimbale zanu zija sizikugulidwa. Tibwezerane. Amalume abwera posachedwa."

Ronnie anazimitsa nyimbo kuti onse amve bwino.

"Abale, tamumverani bwana wa za buluu! Si uyu analemba pakhomo kuti DVD yatha? Lero akufuna zinthu zakutha!"

Anthu anaseka.

"Chonde, akulu. Ngakhale theka lokha."

"Unandigwira dzanja anthu akuona. Ndinakukakamiza? Amalume ako anakuuza, sunamve. Amayi a nsomba anakuuza, unawatukwana. Unati amalume ako ndi VCD. Nanga iwe ndiwe chiyani? Chimbale chokongola chikuto, chosasewera pa deki ya munthu aliyense!"

Chiseko chinakula. Anyamata omwe aja amene anaseka a Edwell ndiwo ankaseka kwambiri.

Kondi anatambasula manja n'kukumbatira mulu wa zimbale. Ronnie anamugwira mkono, kuupotokola kumbuyo, n'kumukankha. Kondi anagwa chafufumimba m'fumbi, mlomo n'kung'ambika. Palibe amene anamudzutsa.

Ronnie anasankha chimbale chimodzi chokalikakalika n'kumuponyera pamsana.

"Tenga ichi, ukayambirepo bizinesi."

Nyimbo ya kwaya inayambanso kulira.

7. Shopu ndi ya yani?

A Edwell anabwerera Lachisanu masana. Anatsika minibasi movutikira, mwendo uli m'bandeji, akuyendera ndodo. Anali ataonda.

Anaima kutsogolo kwa kashopu n'kuwerenga chikwangwani chija. Analowa. Anayendetsa dzanja pa shelefu yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Zala zinatuluka ndi fumbi lokhalokha. Anasuzumira m'kachipinda kakumbuyo, n'kubwerako. Kenako anakhala pa mpando wawo, ndodo ili pakati pa miyendo.

Kondi anaima pakona atazolika, akudikira kukalipiridwa. A Edwell anayang'ana mlomo wake wotupawo.

"Wadya lero?"

Kondi anapukusa mutu.

"Pita ukachotse chikwangwanicho. Tikadye kaye, zinazi tikambirana kunyumba."

Kondi asanafike n'komwe pakhomo, panja panaima galimoto yonyamula alendo oona nyama. Munatsika mayi wovala yunifolomu ya loji, ndi wapolisi mmodzi. Anthu a mumsika anasiya malonda awo n'kuyamba kusonkhana.

"Ndine Margaret, woyang'anira loji kumene Ronnie ankagwira ntchito," anatero mayiyo. "Wantchito wathu wina anaona chikwangwani chanuchi."

Anatenga chimbale chimodzi n'kutsegula chikuto. M'kati munali chidindo cha loji. Anatsegula china, chidindo chomwecho.

"Izi ndi za m'chipinda chochezera alendo. Zinasowa pamodzi ndi deki iyo, tsiku limene tinamuchotsa ntchito Ronnie."

"Ronnie tamufuna pa tebulo lake, palibe," anatero wapolisi. "Koma kulandira katundu wakuba nawonso ndi mlandu. Analandira zimenezi ndani?"

Maso a msika wonse anatembenukira kwa Kondi. Wapolisi anatsatira masowo.

"Mnyamata iwe, ukudziwapo chiyani?"

Kondi anayang'ana unyolo umene unkalendewera pa lamba wa wapolisiyo.

"Ine ndimangothandiza, bwana. Shopu ndi ya amalume."

A Edwell anadzutsa mutu. Anamuyang'ana mwana wa mlongo wawoyo. Kenako anagwira ndodo n'kuimirira.

"Mwamva, bwana. Shopu ndi yanga."

"Bodza limenelo!" anakuwa mayi Susan, akukankha anthu kuti adutse. "Bambowa anali kuchipatala! Afika lero lomwe! Funsani aliyense pano!"

"Mayi Susan, khalani chete," anatero a Edwell. "Mwanayu sukulu akutsegulira Lolemba. Ndinamutenga kwa mlongo wanga kuti adzaphunzire, osati adzagone m'chitokosi. Makiyi ndinamupatsa ndine. Zonse za m'shopu muno ndiyankha ndine."

"Mukafotokoza ku ofesi," anatero wapolisi.

Anatuta zimbale zonse za buluu ndi deki yake n'kuziika m'galimoto. Kashopu kanatsala kopanda kanthu. Galimotoyo inali yaitali, ndipo a Edwell anayesa kukwera koma mwendo unakana. Anayesanso, bandeji n'kuyamba kufiira. Ndodo inawapulumuka n'kugwera pansi. Amuna awiri a mumsika anawanyamula n'kuwakhazika pampando.

Kondi anatola ndodo ija, koma sanapite kukawapatsa. A Edwell sanamuyang'anenso. Galimoto inalira n'kukhotera kupolisi.

Anthu anabalalika akung'ung'udza. Mayi Susan anadutsa pafupi ndi Kondi n'kulavulira pambali.

Kondi anatsala yekha m'mphepete mwa msewu. Kenako anamva hutala. Minibasi ya ku Chipata inkabwera pang'onopang'ono, ikufunafuna okwera. Pampando wakumbuyo panali munthu atazolika, chipewa chitaphimba nkhope, mabokosi ataunjika pamiyendo. Minibasi itafika pafupi, munthuyo anadzutsa mutu pang'ono.

Anali Ronnie.

"Chipata! Chipata! Malo amodzi atsala!" anakuwa kondakitala, akulendewera pakhomo.

M'thumba mwa Kondi munalibe kanthu. Ku Chipata anali asanafikeko chibadwire. Anayang'ana kumene kunalowera galimoto imene inatenga amalume ake, fumbi lake likuonekabe. Anayang'ananso minibasi ija. Ronnie akangothawa, amalume satuluka m'chitokosi.

Anakweza dzanja, ndipo minibasi inaima.